Aphungu a Lachinayi

M'mawa uliwonse Wayilesi amalemba m'gulu lathu la pafoni kuti, "Kalasi, mayina!" ndipo aliyense amayankha kuti, "Ndilipo." Ndife anthu amene tinamaliza limodzi sukulu ya sekondale. Ena pano ndi a dazi, ena mimba zinatsogola, ena ndi mabwana oopedwa kuntchito kwawo, koma Wayilesi akaitana mayina onse amayankha ngati ana ovala yunifolomu. Mayina enieni m'gulumo mulibe. Umaitanidwa ndi dzina limene anzako anakupatsa uli mwana, ndipo kudandaula n'kutaya nthawi. Wayilesi ndi Wayilesi chifukwa chiyambire sanatsekepo pakamwa. Ine ndine Belu, poti ndinkaliza belu.

Zoitana mayinazi sizinayambe ngati sewero. Mnzathu wina amene ankatiseketsa tonse anadzichotsa moyo, ndipo titabwerako kumaliro tinayamba kuwerenga mauthenga ake akale. Onse anali akuti, "Ndili bwino." Kuchokera tsiku limenelo mawu amenewo ndi oletsedwa m'gulu mwathu. Zinthu zikakuvuta umalemba kuti, "Ndilipo pang'ono," ndipo dzuwa lisanalowe wina amagogoda pachitseko chako. Ukangokhala duu osayankha, timabwera tonse.

Umu ndi mmene tinamupezera Kandulo, mnyamata uja ankawerenga ndi kandulo m'bulangete mpaka anawotcha matiresi a sukulu. Shopu yake yosindikiza makadi itatsekedwa, anasiya kuyankha. Tinamupeza makatani ali otseka masanasana, mbale zitamera ndevu kuposa mwini wake. Palibe amene anamulalikira. Wayilesi anatsuka mbale uku akulankhula, anyamata anamumeta, ndipo mnzathu wina amene ndi namwino anamupezera malo kwa aphungu a za maganizo kuchipatala. Ine anandipatsa ntchito imene anati ndi yopepuka: kumuperekeza Lachinayi lililonse, kumudikira pabenchi, n'kumubweza kwawo.

Yopepuka! Poyamba tinkayenda ngati anthu awiri opita kumaliro osiyana. Kenako anayamba kuyankha ndikamufunsa. Kenako anayamba kundiputa, akuti ndinkachedwetsa dala belu la masamu kuti anthu avutike. Tsiku lina tikubwerera anaima pakati pa njira.

"Belu, masiku onse kudzuka kumandivuta, koma Lachinayi ayi. Aphungu akuti ndifufuze chifukwa chake."

"Ndiye wafufuza?"

"Ndafufuza. Chifukwacho chimavala nsapato zofiira, ndipo chimayenda ngati chikuthawa ngongole ya mchere."

Ndinamumenya ndi chikwama, koma mtima wanga unali utapita kale. Ndinamukonda, basi, ndipo sindinayese n'komwe kudziletsa.

Vuto linali Amayi. Anamuonapo kamodzi pageti, ndipo kamodziko kanakwana. "Mwamuna wopanda ntchito, woonda choncho, mphepo ikabwera ukamutola kuti?" Iwo mtima wawo unali pa Pulifeketi, mnzathu wina wa m'gulu lomwelo, amene ali ndi galimoto ndipo amabwera ndi zipatso. Munthu ameneyo mpaka lero amayenda manja ali kumbuyo, maso akufufuza amene sanapisire malaya.

*

Lachinayi lina chimfine chinandigwira, ndipo Kandulo anapita yekha. Madzulo ndinamuimbira ndili kukhitchini, osadziwa kuti Amayi aima kuseri kwa chitseko. Amayi anga makutu awo amafooka pokhapokha ukamawapempha kanthu. Nkhani za ena amamva ngakhale zikunong'onedwa kwa aneba.

"Wakumana nawo aphungu?" ndinafunsa. "Akuti bwanji? Eee, akusangalala nawe? Ola lonse?"

Nditangodula foni, Amayi analowa akumwetulira. Kumwetulira kotero ndinakuona komaliza bambo ali moyo.

"Iwe, mnyamata woonda uja amakumana ndi aphungu?"

"Eya, Amayi."

"Aphungu enieni?"

"Enieni."

"Kamodzikamodzi kapena?"

"Lachinayi lililonse."

"Pagulu?"

"Ayi, awiriwiri. Amatseka ndi chitseko."

Amayi anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala. "Amakambirana zotani?"

"Zachinsinsi, Amayi. Ngakhale ine sandiuza zonse."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti tikulankhula za anthu awiri osiyana. Ine ndinkanena phungu wopereka uphungu kuchipatala. Amayi ankamva phungu wa ku nyumba ya malamulo, wa galimoto ya magalasi akuda. Ndikanatha kukonza pomwepo, mawu awiri akanakwana. Koma nkhope ya Amayi inali itawala, ndipo ine ndinatseka pakamwa n'kumadziuza kuti palibe bodza limene ndanena.

"Ndinaona ine," anatero Amayi akugwedeza mutu. "Kuonda kuja n'kwa anthu oganiza za dziko. Umuuze abwere Lamlungu adzadye nafe. Ndiitana ndi amalume ako. Mwina ngalande ija tsopano iona kuwala."

Ngalande imeneyi ili kutsogolo kwa nyumba yathu. Bambo ndi amene ankaikumba ikatsekeka, ndipo chimwalirire iwo palibe waikhudzapo. Amayi amaidandaula m'mawa, masana ndi madzulo. Ukawafunsa chifukwa chimene sakudyera, akuti fungo la ngalande. Ukawafunsa chifukwa chimene sagonera, akuti achule a m'ngalande. Makatani a kuchipinda kwawo satsegula, akuti safuna kuiona. Koma ukanena kuti tiitane munthu aikumbe, amakana, akuti si aliyense amaidziwa.

*

Kandulo ndinamupeza kwawo akuthirira kamtengo kamene gulu linamugulira. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsamira khoma. Kanali koyamba kumumva akuseka chikhakhali, ndipo ndinadziona ngati ndachita zanzeru.

"Ndiye ine ndine mnzawo wa aphungu! Uwauze kuti misewu yonse tikonza chaka chino." Anapukuta misozi. "Nanga utawauza kuti alakwitsa anati bwanji?"

"Ndiwauza. Koma Lamlungu lidutse kaye, akuzolowere."

Kuseka kunatha. Anaika pansi chitini cha madzi.

"Azolowere ndani? Ine, kapena munthu wa ndaleyo?"

"Iwe sunena bodza lililonse. Uzingoyankha zimene akufunsa."

"Belu, ndikufunse chinthu. Ukuopa Amayi, kapena ukuchita nane manyazi?"

Funso likakulasa pamalo ake, umathamangira kupsa mtima. Nanenso ndinatero. "Ine manyazi? Ine amene nsapato zatha chifukwa chokuperekeza? Ine amene ndakhala pabenchi lija mpaka alonda akundipatsa moni ngati wantchito?"

"Nsapato zathadi, ndipo ndikuthokoza. Koma funso langa sunaliyankhe."

Ndinatenga chikwama n'kutuluka, chitseko ndinamenyetsa kuti amve bwino. Ndisanafike n'komwe kunyumba mtima unali utayamba kundiluma, ndiye ndinamulembera.

"Wadya?"

"Ndadya."

"Mankhwala wamwa?"

"Ndamwa, a namwino."

A namwino! Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

M'mawa mwake Wayilesi anaitana mayina. Ma "Ndilipo" anatsika ngati mvula. Kumapeto kwenikweni kunabwera la Kandulo: "Ndilipo pang'ono." Foni yanga inalira nthawi yomweyo.

"Belu!" Wayilesi sapereka moni, akuti umachedwetsa nkhani. "Wamutani mwana wa eni? Tamutsuka, tamumeta, tamuimiritsa, iwe ukukamugwetsanso?"

Ndinamufotokozera zonse. Anaseka mpaka ndinamva mwamuna wake akufunsa ngati kwagwa chinthu. Kenako mawu ake anasintha.

"Tamvera, mnzanga. Chaka chonse takhala tikuuza anthu kuti kuvutika maganizo ndi matenda ngati malungo. Tinasoketsa matisheti. Tinayenda mumsewu dzuwa likuswa mtengo, iwe uli patsogolo ndi chikwangwani chachikulu kuposa cha aliyense. Ndiye pofika kwanu chikwangwanicho unachisiya pageti?"

Ndisanatsegule pakamwa, anapitiriza.

"Lero usapiteko, ungakawonjezere. Apita anyamata akaonere naye mpira. Iwe khala pansi uganize."

Ndisanayambe n'komwe kuganizako, uthenga wa Pulifeketi unalowa. Amayi anali atamuimbira kumuuza kuti Lamlungu asavutike kubwera, ali ndi mlendo wolemekezeka wodziwana ndi aphungu.

"Ndamva kuti wodwala wathu wakwezedwa udindo," analemba. "Monga munthu wamkulu sindingalole kuti mayi wachikulire anamizidwe m'nyumba mwake."

"Za mnzathu sizituluka m'gulu. Lamulo ukulidziwa."

"Malamulo ndimawadziwa kuposa iwe. Ndinkawasunga ndine."

*

Lamlungu Amayi anachotsa mapulasitiki pamipando, chinthu chimene sanachitepo ngakhale kwa abusa. Anatulutsa mbale za m'kabati ya galasi, zija timangozipukuta fumbi. Amalume, achimwene awo a Amayi, anafika atamanga tayi, ndipo m'thumba anali ndi maganizo awo onse a mmene dziko liyenera kuyendera.

Kandulo ndinakamulandira pageti. Anavala jekete yobwereka kwa mnzathu wonenepa, mapewa ake akulendewera ngati yapachikidwa pampando. Koma anameta bwino, ndipo maso ake anali oyera.

"Ndabwera chifukwa ndinaitanidwa," ananong'ona. "Bodza sindinena. Akandifunsa molunjika, ndiyankha molunjika."

"Ungodya kaye," ndinamupempha. "Chonde."

Amayi anamuikira ntchafu zonse ziwiri za nkhuku. Amalume anayang'ana ntchafuzo zikudutsa, n'kumeza malovu chifukwa cha ulemu.

"Ndiye bambo," anayamba Amalume, "tamva kuti mumayenda ndi aphungu."

"Ndimakumana nawo, amalume."

"Ndi munthu wotani?"

"Ndi mayi wodekha. Amamvetsera kwambiri kuposa kulankhula."

Amalume anaika foloko pansi. "Phungu womvetsera? Chibadwire changa! Nanga amalonjeza zotani?"

"Salonjeza chilichonse. Amati ntchito yaikulu ndi yanga."

"Mwamva, achemwali? Wosalonjeza! Ameneyu ndiye timuvotere. Koma anthu amamukonda?"

"Pakhomo pawo sipasowa anthu. Ena amalowa akulira n'kutuluka akuseka. Ena amalowa akuseka n'kutuluka akulira."

"Ndale zimenezo," Amalume anavomereza ngati katswiri. "Ndale zimatero."

Ine ndinakokera jagi pafupi. Ndinamwa madzi, ndinamwanso, mpaka jagi inatha.

"Nanga inuyo, mwana wanga," anafunsa Amayi akumuwonjezera supu, "amakupatsaniko kantchito?"

"Sabata iliyonse amandipatsa."

"Ehe! Ntchito yanji?"

Kandulo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mbale yanga ngati muli nkhani zofunika.

"Sabata yoyamba anati ndizitsegula makatani m'mawa. Yachiwiri anati ndizisamba tsiku lililonse."

Amayi anayang'ana Amalume. Amalume anakanda mutu, kenako nkhope yawo inawala.

"Eya! Anthu akuluakulu amayamba kukuyesa ndi zing'onozing'ono. Akaona kuti makatani ukuwakwanitsa, amakupatsa unduna."

Pomwepo hutala ya galimoto inalira panja. Ndinaidziwa nthawi yomweyo. Pulifeketi analowa osagogoda, dengu la zipatso kudzanja limodzi, dzanja linalo kumbuyo. Anapereka moni kwa Amayi ndi Amalume, kenako anaima pakati pa balaza monga ankaimira pa asembule ya kusukulu.

"Pepani Amayi posokoneza chakudya. Koma pali chinthu chimene muyenera kudziwa chokhudza aphungu akunenedwawa."

Kandulo anaimirira. Jekete inatsetsereka phewa limodzi, iye osaibweza.

"Dikira, Pulifeketi. Nthenda ndi yanga. Ndinene ndekha."

Anatembenukira kwa Amayi. Sanayang'ane pansi.

"Amayi, amalume, aphungu anga si a ku nyumba ya malamulo. Ndi a kuchipatala, othandiza anthu ovutika maganizo. Shopu yanga itatsekedwa ndinadwala. Ndinkangogona, osafuna kuona munthu, chakudya osachimva kukoma. Masiku ena ndinkaganiza kuti anthu angapepukidwe ine nditachoka. Anzanga a kusukulu anabwera n'kunditulutsa m'chipinda chija. Pano ndimamwa mankhwala, ndimakumana ndi aphungu, ndipo ndikupeza bwino. Mwana wanuyu ndimamukonda. Za ngalande, kuboma ndilibeko mawu, koma fosholo ndimaidziwa."

Dzanja la Amalume linayenda pang'onopang'ono pamwamba pa tebulo, n'kufika pa mpeni wodulira nkhuku, n'kuukokera pansi pa nsalu.

"Ndiye kuti," Amayi anameza, "ndiye kuti ndinu wamisala?"

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangodzipeza ndili chilili, mpando utagwa kumbuyo kwanga.

"Si misala, Amayi, ndi matenda. Ndipo ngakhale ikanakhala misala, akanakhalabe munthu wofunika chithandizo. Iyeyu sanafune kubisa, anandikaniza. Ndinabisa ndine, chifukwa ndinachita naye manyazi. Pano manyazi amene ndili nawo ndi a zimene ndinachitazo, osati a iyeyu. Ndimamukonda mmene alilimu, ndi mankhwala ake, ndi aphungu ake, ndi jekete yobwerekayo." Ndinapuma. "Amalume, bwezani mpeniwo. Nkhuku sinathe."

Amalume anaubweza, koma anauika kumbali kwawo.

Pulifeketi anakonza kukhosi. "Monga ndimanenera, Amayi..."

"Inu mumadziwa?" Amayi anamudula.

"Kuyambira kalekale, Amayi."

"Mnzanu akudwala, inu mukudziwa, ndiye mwasunga nthenda yake m'thumba kuti mudzaitulutse pa tebulo panga ngati mchere? Tulukani. Dengulo siyani."

Pulifeketi anatuluka manja onse awiri ali kumbuyo. Ine mtima unayamba kudumpha, ndimvekere tapambana. Koma Amayi anatembenukira kwa Kandulo.

"Nanunso tulukani. M'nyumba mwanga sindinamizidwa. Ndipo mwana wanga sindimupereka kwa munthu amene mawa angadzatsekenso makatani."

Kandulo anawerama mwaulemu n'kuyamba kutuluka. Atafika pachitseko Amayi analankhulanso, koma motsitsa, maso ali kumbali.

"Mwati chakudya simunkachimva kukoma?"

"Chinkangokhala ngati pepala, Amayi."

"Nanga tulo?"

"Kugona ndinkagona, koma tulo ayi."

Amayi anapinda ndi kupindanso kansalu ka patebulo.

"Tulukani," anatero.

*

Sabata imeneyo kunyumba kwathu kunalibe moni. Amayi ankandilankhula kudzera kwa mphaka. "Uuze anthu ena kuti mchere watha." Mapulasitiki anabwerera pamipando, mbale zinabwerera m'kabati. Amalume anaimba foni kamodzi kufunsa ngati mayi wosalonjeza uja sangaimebe pa chisankho, Amayi anawadulira foni.

M'gulu nkhani ya Pulifeketi inazengedwa poyera. Ena ankati achotsedwe. Wayilesi anakana.

"Sitichotsa munthu, gulu lino si la oyera mtima. Koma chilango chilipo. Mwezi wonse uno, aliyense akalemba kuti ali pang'ono, wokagogoda ndi Pulifeketi. Akakhale pansi, amvetsere osalankhula, ndipo mbale akatsuke."

"Ine sinditsuka mbale," analemba Pulifeketi.

"Uphunzira. Sopo ndikugulira ndine."

Lachitatu Kandulo anayankha mayina ndi "Ndilipo" wathunthu, wopanda mchira. Kenako uthenga unalowa kumbali kwanga.

"Ndinamva zimene unanena Lamlungu. Za jekete sunafunike kutchula."

"Pepa. Pa zonse."

"Ndakhululuka. Mawa uvale nsapato zofiira."

Ndinalira pang'ono ndi chimwemwe, kenako ndinakazipukuta nsapatozo mpaka zinawala. Amayi akane, asakane, Lachinayi linali lathu. Limenelo palibe akanatilanda.

*

Tinafika kuchipatala tikuseka, ndipo kwa nthawi yoyamba tinalowa pageti titagwirana manja, alonda akutiimbira likhweru. Titakhota pakhonde lopita kwa aphungu, Kandulo anaima mwadzidzidzi.

Pabenchi lathu lija panakhala Amayi. Anavala diresi la kutchalitchi, chikwama atachikumbatira pamaondo, msana uli chilili ngati akudikira kujambulidwa.

"Amayi! Mwabwera kudzatani kuno?"

"Chipatalachi n'chako? Ndabwera kudzaonana ndi aphungu."

"Amayi, tinakuuzani kuti aphungu ake si a..."

"Ndabwera kudzanena za ngalande."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokozenso, koma Kandulo anandifinya dzanja. Ndinawayang'ana bwino Amayi. M'maso mwawo munali mofiira, mwa munthu amene wakhala nthawi yaitali osagona. Ndinamva chisoni chachikulu. Ndinkakhala nawo nyumba imodzi, ndikuwamva tsiku lililonse akudandaula za ngalande, koma sindinawafunsepo ngati alipo athunthu kapena pang'ono.

Chitseko chinatseguka, aphungu anasuzumira n'kuitana Kandulo. Iye anapita kukawanong'oneza mawu pang'ono, aphungu anagwedeza mutu, ndipo anabwerera.

"Lowani inu, Amayi. Lero nthawi yanga ndakupatsani. Za ngalande amazidziwa bwino."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulowa mutu uli m'mwamba.

Anakhalitsa. Ife tinakhala pabenchi tikudikira. Nthawi ina tinamva mawu a Amayi akukwera, akutchula dzina la bambo, limene sanalitchulepo chiikireni maliro. Kenako kunali zii. Kandulo anandipatsa mpango wake, ndipo sanandifunse chilichonse.

Potuluka, nkhope ya Amayi inali yotupa, koma mapewa awo anali atatsika, ngati munthu amene watula mtolo.

"Akuti bwanji za ngalande?" Kandulo anafunsa mwaulemu.

"Akuti inatsekeka kalekale, singatseguke tsiku limodzi. Ndizibwera Lachinayi lililonse." Anamina mphuno. "Andipatsanso ntchito. Makatani."

"Imeneyo ndi yovuta, Amayi. Koma yosamba ija ikubwera ndi yophweka."

"Iwe, ine ndimasamba!"

Anati iwe. Sanati inu, sanati bambo. Ine ndinayang'ana Kandulo, mtima ukuvina.

"Musandiyang'ane choncho," Amayi anatidula. "Za ukwati sindinavomere. Munthu amene ndamuona kawiri kokha, kamodzi ali woonda, kachiwiri ali m'jekete ya eni, sindingamupatse mwana wanga. Ndiyenera kumuona ndekha mayendedwe ake. Kuyambira sabata yamawa azindidzera kunyumba, tizibwera limodzi, tizibwerera limodzi. Lachinayi lililonse."

"Nanga ine, Amayi?"

"Iwe ukudwala chiyani? Uzikhala kunyumba uzisesa."

Anamupatsa Kandulo chikwama kuti awanyamulire, n'kumugwira mkono. Anauyamba ulendo, Amayi akumufunsa ngati fosholo amaidziwadi kapena linali bodza lachiwiri. Iye anacheuka kamodzi n'kundikwezera mapewa. Ine ndinkatsatira kumbuyo ndekha, ndi nsapato zanga zofiira zopukuta bwino.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la makatani akutseguka kuchipinda kwa Amayi. Ndinasangalala, zoona. Koma nditakumbukira kuti tsiku langa limodzi lokha lija lalandidwa ndi mayi anga ondibereka, mtima unalemera. Wayilesi ataitana mayina, chala changa chinalemba zoona zokhazokha: "Ndilipo pang'ono."

Chilango chija ndinachikumbukira uthenga utapita kale. Ndinayesa kuufufuta, koma Wayilesi anali atayankha.

"Pulifeketi, wamva. Tenga sopo."